Wailesi za pa intaneti ndi malipiro a eni nyimbo: kodi mkangano wagona pati?

Mu Lusaka muno mukumveka madandaulo awiri pa nkhani ya nyimbo, ndipo munthu akawamva koyamba amaganiza kuti ndi osayenderana. Oimba akuti nyimbo zawo zikulira paliponse, m'minibasi, m'mabala, m'masitolo a ku Kamwala, pa wailesi ndi pa mafoni, koma m'thumba mulibe kanthu, moti ena mwa akuluakulu amene tinakula tikuvina nyimbo zawo amachita kusonkheredwa ndalama akadwala. Nawonso achinyamata amene atsegula tiwailesi tawo pa intaneti akudandaula kuti akangoika nyimbo ya wina pa pulogalamu imene akuulutsa pa Facebook kapena pa YouTube mawu amazimitsidwa, ndipo akafunsa amauzidwa za ziphaso ndi malipiro amene sanawamvepo chibadwire. Onsewa akunena zoona, ndipo madandaulo awowo ndi mbali ziwiri za nkhani imodzi. Kuti timvetse, tiyenera kudziwa kusiyana kwa wailesi ya mlongoti ndi ya pa intaneti, tidziwe kuti nyimbo ndi ya yani, kenako tione zimene zinachitika ku America, kumene mlandu umenewu wazengedwa kwa zaka zoposa 20 ndipo mitengo yake ili poyera.

Wailesi yopanda mlongoti

Kuulutsa mawu kunayamba mu Lusaka mu 1941, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo nkhondo itatha wailesi ya Central African Broadcasting Station inkamveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo koyendera batire, kooneka ngati poto, kotchedwa Saucepan Special, kamene kanafikitsa nyimbo za Alick Nkhata ndi anzake m'midzi ndi m'makomboni. Kwa zaka zambiri kuulutsa mawu kunali m'manja mwa boma, kufikira m'zaka za m'ma 1990 pamene ena analoledwa, ndipo Radio Phoenix inayamba kumveka mu 1996. Wailesi zonsezi zili ndi khalidwe limodzi: mlongoti umamwaza mafunde mumlengalenga, aliyense amene ali ndi chomvera amatola. Kaya akumvera ndi anthu khumi kaya ndi miliyoni, ndalama ya magetsi a pa mlongoti ndi imodzimodzi, ndipo mwini wailesi sangadziwe chiwerengero chenicheni cha omvera pokhapokha atachita kafukufuku wongoyerekeza.

Ya pa intaneti imayenda mwa njira ina. Woulutsa amatumiza mawu kuchokera pa kompyuta yake kupita ku seva, kompyuta ina imene imagawira omvera mawuwo, ndipo foni ya womvera aliyense imalumikizana ndi sevayo payokha n'kulandira mawu akeake. Carl Malamud anayamba kuulutsa zokambirana mwa njira yotere mu 1993, wailesi ya ophunzira ya WXYC ku North Carolina inayamba kumveka pa intaneti mu 1994, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mapulogalamu a SHOUTcast ndi Icecast anachititsa kuti munthu wamba athe kuulutsa ali m'chipinda chake. Kuchokera pa kayendedwe kameneka pamatuluka zinthu ziwiri zimene nkhani yonse yagonapo. Choyamba, womvera aliyense wowonjezereka amawonjezera ndalama zimene woulutsa amalipira eni seva. Chachiwiri, womvera aliyense amawerengeka, ndipo makina amasunga kuti analowa nthawi yanji, anamva nyimbo zingati, ali m'dziko liti.

Taganizirani mnyamata wa ku Chilenje amene amaulutsa kalindula madzulo. Pa tebulo pali laputopu, maikolofoni imodzi yomangidwa ndi tepi, ndi batire loti limusunge magetsi akathima. Pakona ya sikirini pali nambala imene imasintha: omvera 14, kenako 23, kenako 19, ndipo pambali pake pakuoneka kuti ena ali ku Johannesburg, ena ku London, ochepa ali mu Zambia momwemuno. Ochepa chifukwa kumvera kumadya bandulo: mawu otumizidwa pa liwiro la 128 kbps amatha pafupifupi 58 MB pa ola, pamene FM ya pa foni yomweyo sidya kanthu. Nambala ya pakonayo ndi imene imamulimbitsa mtima mnyamatayu, ndipo m'maiko ena nambala yomweyo ndi imene amaigwiritsa ntchito pomulembera ngongole.

Pali kusiyanitsa kwina kofunika. Pa wailesi womvera sasankha nyimbo yotsatira, amalandira chimene woulutsa wakonza. Pa Spotify, Boomplay kapena Audiomack womvera amasankha yekha nyimbo imene akufuna, nthawi imene akufuna. Malamulo a maiko ambiri amaziona ziwirizi mosiyana, chifukwa njira yachiwiriyo imalowa m'malo mwa kugula chimbale, motero makampani amenewa amayenera kugwirizana mwachindunji ndi eni nyimbo.

Nyimbo imodzi, eni awiri

Nyimbo yojambulidwa ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa wopeka, amene analuka mawu ndi maimbidwe, ndipo umwini umenewu umakhalapo ngakhale nyimbo isanalowe mu situdiyo. Wachiwiri ndi wa chojambulidwa chenichenicho, mawu ndi zing'wenyeng'wenye monga zinamvekera tsiku lojambula, ndipo kawirikawiri umakhala wa amene analipira ntchitoyo, kaya ndi kampani kaya ndi woimba mwiniwake. Kwaya ya mpingo ikajambula nyimbo imene anapeka munthu wina, wopekayo amakhalabe mwini nyimbo, kwaya kapena woijambulitsa n'kukhala mwini chojambulidwa. Munthu akagula CD kapena akakopera nyimbo pa foni molipira, wagula ufulu woimvera iye ndi a m'nyumba mwake. Kuiulutsira anthu ambiri ndi ufulu wina umene sunali m'gulu la zimene anagula, ndipo apa ndi pamene oulutsa atsopano ambiri amasokonekera.

Ganizo lakuti wopeka alipidwe nyimbo yake ikaimbidwa pagulu ndi lakale. Mu 1847 mumzinda wa Paris, mlembi wa nyimbo Ernest Bourget anakangana ndi eni malo omwera pa nkhani yakuti iye ankalipira zakumwa pamene iwo ankasangalatsa makasitomala ndi nyimbo zake osamupatsa kanthu. Khoti linamukomera, ndipo mu 1851 kunabadwa bungwe la SACEM lotolera ndalama m'malo mwa opeka. Pangano la Berne la 1886 linachititsa kuti maiko azilemekeza umwini wa olemba a m'maiko ena. Nzeru ya mabungwe otolerawa ndi yapafupi: woimba sangayende bala ndi bala kukatolera makobidi ake, nayenso mwini wailesi sangapemphe chilolezo kwa wopeka aliyense, choncho bungwe limapereka chiphaso chimodzi chokuta nyimbo zonse za mamembala ake, limatolera ndalama, limachotsapo zoyendetsera ofesi, zotsalazo n'kugawa. Ndalama zogawidwazo ndi zimene oimba amazitcha maroyalty.

Kuno kwathu nkhaniyi imayendetsedwa ndi lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994, limene linakonzedwanso mu 2010, ndipo bungwe lotolera ndalama za nyimbo ndi ZAMCOPS. Ku Malawi kuli COSOMA, imene inakhazikitsidwa mu 1992. Ku South Africa ntchitoyi anaigawa: SAMRO imatolera za opeka, SAMPRA imatolera za oimba ndi eni zojambulidwa. Mabungwe a maiko osiyanasiyana amachita mapangano otumizirana ndalama, kuti nyimbo ya ku Chipata ikalira ku Durban mwini wake apezepo kanthu. Koma chiphaso chilichonse chili ndi malire a dziko, pamene intaneti ilibe malire otere, ndipo n'chifukwa chake mawu amatha kuzimitsidwa pa Facebook kapena pa YouTube: makina awo amazindikira nyimbo, ndipo akaona kuti mwini wake sanalole kuti igwiritsidwe ntchito mwa njira imeneyo kapena m'dziko limenelo, amaitseka osafunsa ngati woulutsayo analipirapo kwina.

Zimene zinachitika ku America

Dziko la United States lili ndi chachilendo chimodzi. Wailesi za AM ndi FM kumeneko zimalipira opeka kudzera m'mabungwe monga ASCAP ndi BMI, koma sizilipira oimba kapena eni zojambulidwa, chifukwa kuyambira kale eni wailesi akhala akunena kuti kuulutsa nyimbo ndi kuitsatsa kwaulere. Mabilu ofuna kusintha zimenezi akhala akubwera ku nyumba ya malamulo kangapo osadutsa. Koma intaneti itayamba kukula, makampani a nyimbo anaopa kuti anthu asiya kugula zimbale, ndipo malamulo awiri, la 1995 ndi la 1998 lotchedwa Digital Millennium Copyright Act, anakhazikitsa kuti woulutsa wa pa intaneti azilipira eni onse awiri. Zotsatira zake n'zakuti nyimbo imodzimodziyo ikalira pa FM mwini chojambulidwa salandira kanthu, ikalira pa intaneti amalandira.

Lamulolo linabwera ndi chabwino chake kwa oulutsa: sayenera kupempha chilolezo kwa kampani iliyonse, amangolembetsa n'kumalipira mtengo woikidwa ndi boma. Linabweranso ndi zoletsa, monga zakuti m'maola atatu asaulutse nyimbo zoposa zitatu za m'chimbale chimodzi kapena zoposa zinayi za woimba mmodzi, ndiponso asalengeze pasadakhale ndandanda ya nyimbo, kuopa kuti omvera angamajambule. Ndalamazo zimatoleredwa ndi bungwe la SoundExchange, limene limapereka theka kwa mwini chojambulidwa, magawo 45 pa 100 kwa woimba wamkulu, ndi magawo 5 kwa oimba othandizira. Ambiri amaiyamikira kagawidwe kameneka chifukwa gawo la woimba limapita kwa iye mwachindunji osadzera ku kampani.

Mkangano unabuka pa mtengo. Lamulo linati mtengo ukhale umene wogula ndi wogulitsa akanagwirizana pamsika popanda wowakakamiza, koma msika wotero unali usanakhazikike, ndipo komiti yoyamba yoika mtengowo inatsamira kwambiri pa pangano limodzi la pakati pa kampani yaikulu ya Yahoo ndi bungwe la makampani a nyimbo la RIAA. Mu 2002 komitiyo inati woulutsa wa pa intaneti pokha azilipira masenti 14 nyimbo imodzi ikamvedwa ndi anthu 100. Pa 1 May chaka chimenecho wailesi zambiri za pa intaneti zinakhala chete tsiku lonse posonyeza kukwiya, ndipo mu June mkulu wa Library of Congress, laibulale ya nyumba ya malamulo, anadula mtengowo pakati kufika masenti 7. Komabe ngongole inawerengedwa kuyambira 1998, ndipo tiwailesi tambiri tinatseka, kuphatikizapo SomaFM ya ku San Francisco imene inakhala chete miyezi ingapo. Chakumapeto kwa chaka nyumba ya malamulo inalola pangano lapadera la ang'onoang'ono, lakuti azilipira magawo 10 kapena 12 pa 100 a ndalama zimene apeza, kapena magawo 7 a zimene awononga, kutengera chimene chakula.

Mu 2007 moto unayakanso. Bungwe latsopano la oweruza atatu, Copyright Royalty Board, linakweza mtengo wa nyimbo imodzi yomvedwa ndi anthu 100 kuchoka pa masenti 8 a 2006 kufika masenti 19 pofika 2010, linaika madola 500 pachaka monga malipiro ochepetsetsa a tchanelo chilichonse, ndipo silinasiye mwayi wolipira molingana ndi zopeza. Pa 26 June kunakhalanso tsiku lachete, ndipo malamulo a 2008 ndi 2009 anatsegulanso khomo la mapangano apadera. Mapangano amenewa anatha kumapeto kwa 2015 osakonzedwanso. Mtengo wa 2016 unakhala masenti 17 kwa wailesi zosalipiritsa omvera, umene kwa makampani ena aakulu unali wopepukirapo, koma kwa ang'onoang'ono amene ankalipira gawo la zopeza unali phiri. Live365, kampani imene inkasunga tiwailesi tambirimbiri ta anthu wamba kuyambira 1999, inatseka pa 31 January 2016, nayonso itasiyidwa ndi amene ankaikamo ndalama, ndipo inadzatsegulidwanso ndi mwini wina mu 2017. Mu 2021 mtengo unafika masenti 21, malipiro ochepetsetsa n'kufika madola 1,000.

Njira zitatu zowerengera

Tiyerekeze ndi msonkho wa pamsika wa Soweto. Khonsolo ikhoza kuuza mayi wogulitsa tomato kuti azipereka ndalama yakuti tsiku lililonse, kaya wagulitsa kaya sanagulitse. Ikhozanso kumuuza kuti azipereka gawo la zimene wapeza. Njira yachitatu ndi yakuti azilipira kangachepe pa munthu aliyense amene waima pa benchi yake, ngakhale amene wangoyang'ana n'kupitirira. Njira yachitatuyi ndi imene ikufanana ndi kulipira pa womvera aliyense, ndipo vuto lake likuoneka: amene katundu wake amakopa maso koma makasitomala ake alibe ndalama, kutchuka kwake komweko ndi kumene kumamugwetsa.

Masamu ake ndi awa. Wailesi yoika nyimbo 15 pa ola, yokhala ndi omvera 100 nthawi zonse usana ndi usiku, pa mtengo wa 2021 ikanalipira madola 3.15 pa ola, ndipo pachaka ndi madola oposa 27,000, osawerengera za opeka ndi za seva. Omvera 100 ndi ochepa kwambiri moti n'zovuta kukopa nawo otsatsa malonda oti abweze ndalama zotere. Wailesi zosachita malonda, monga za mipingo, pa mitengo ya 2021 zinali ndi mpumulo wakuti malipiro ochepetsetsa aja ankakuta maola omvera 159,140 pamwezi, kutanthauza omvera pafupifupi 218 nthawi imodzi, koma munthu woulutsa payekha amene waikako malonda awiri atatu salowa m'gulu limenelo.

Mbali ya oimba ili ndi mfundo zolimba. Iwo amati wailesi imalipira magetsi, lendi ndi seva popanda kupempha kuti mtengo utsike chifukwa malonda sakuyenda, nanga bwanji nyimbo, imene ndi katundu weniweni wa wailesiyo, ikhale yokhayo yolipidwa pakatsala kanthu? Amatinso kulipira gawo la zopeza kumatanthauza kuti amene sakupeza kanthu akudya thukuta la woimba kwaulere, ndipo kampani yochenjera ikhoza kubisa zopeza zake kapena kudzigawa tizidutswa kuti izioneka yaing'ono. Oulutsa ang'onoang'ono amayankha kuti wailesi yotsekedwa silipira aliyense, ndipo nyimbo zimene iwo amaika si zimene zimalira pa wailesi zazikulu, choncho akatseka woimba wosadziwika amataya ndalama yochepayo pamodzi ndi khomo lokhalo limene anthu ankamumvera. Chimene ine ndimaona kuti chimaiwalika n'chakuti m'makhoti amenewa amene amakwanitsa kulemba maloya ndi akatswiri a zachuma ndi makampani aakulu a mbali zonse ziwiri, pamene woimba wamng'ono ndi woulutsa wamng'ono, amene mtengowo umawakhudza kwambiri, nthawi zambiri amangomva zogamulidwa.

Kodi nyimbo yatsopano timaipeza bwanji?

Nkhaniyi ikanakhala ya ndalama zokha, bwenzi ikukhudza oimba ndi oulutsa basi. Imakhudzanso womvera, chifukwa munthu sangafune nyimbo imene sanaimvepo, ndipo payenera kukhala wina woyamba kumumvetsa. M'dziko muno tikudziwa mphamvu ya amene amasankha zolira pa wailesi. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti magawo 95 pa 100 a nyimbo za pa wailesi akhale a muno, ndipo nthawi imeneyo magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anali pachimake, zimbale zikudindidwa ku Ndola. Chuma chitagwa pamodzi ndi mtengo wa kopa, ndipo oimba ambiri atamwalira, nyimbo zimenezo zinasowa m'masitolo ndipo m'badwo wotsatira unakula osazidziwa bwino. Zinadzatulukiranso kunja, kudzera mwa osonkhanitsa zimbale zakale ndi ena okonda nyimbo zosowa amene ankauzana pa intaneti, mpaka kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inayamba kuzidindanso, ndipo WITCH, ndi Emmanuel Jagari Chanda kutsogolo, inayambanso kuyenda m'maiko n'kutulutsa chimbale chatsopano mu 2023. Panalibe makina amene akanayambitsa zimenezi, chifukwa nyimbozo panthawiyo zinali zisanalowe m'nkhokwe za makampani. Panafunika anthu a makutu.

Njira ina yopezera nyimbo ndi ya makina. Pandora inakula kuchokera pa ntchito imene inayamba mu 2000, yakuti akatswiri azimvera nyimbo iliyonse n'kulemba makhalidwe ake mazanamazana kuti kompyuta izipeza zofanana nayo. Last.fm, imene inayamba ku London mu 2002, inkaona zimene anthu a zokonda zofanana akumvera. Spotify, imene inafika mu Zambia mu 2021, imaphatikiza njira zotere ndi ndandanda zokonzedwa ndi antchito ake. Makinawa amathandiza ndithu, ndipo woimba wa ku Matero lero akhoza kumvedwa ku Brazil popanda kugwadira aliyense. Koma amaphunzira kuchokera pa zimene anthu amvera kale, choncho nyimbo ya Chinsenga kapena Chitumbuka imene yamvedwa ndi anthu ochepa, ambiri mwa iwo atailandira pa WhatsApp kapena pa memori khadi kumene sikuwerengedwa, imakhala yosaoneka. Kuyambira 2024 Spotify silipiranso chojambulidwa chimene sichinamvedwe kokwana 1,000 m'miyezi 12, ponena kuti tindalama timeneto sitinkafika n'komwe kwa eni ake ndipo n'kwabwino kutiwonjezera kwa ena, pamene oimba ang'onoang'ono ambiri akuona kuti alandidwa.

Apa ndi pamene kawailesi ka munthu mmodzi kali ndi ntchito imene wina sangaigwire. Woulutsa amene anakulira ku Katete amadziwa nyimbo imene inkavinidwa pa ukwati wa kumudzi, amatchula dzina la woimba, amafotokoza mwambi uli m'kati mwake, ndipo womvera wa ku Manchester amene wasowa kwawo amaifunafuna mawa lake. Koma funso lakale la FM limabweranso: kodi kuulutsa kumeneku kukutsatsa nyimbo, kapena kukulowa m'malo mwa kuigula? Kale yankho linkaoneka pa zimbale ndi makaseti ogulidwa. Masiku ano ogula ndi ochepa, ndipo woimba akauzidwa kuti akutsatsidwa ali ndi ufulu wofunsa kuti akutsatsidwa kuti agulitse chiyani.

Kaundula wa zimene zalira

Ngakhale ndalama zitatoleredwa bwinobwino, kugawa kumafuna umboni wa nyimbo zimene zinalira. Wailesi imayenera kupereka ndandanda yokhala ndi dzina la nyimbo, woimba ndi wopeka, ndipo chojambulidwa chilichonse chimayenera kukhala ndi nambala yake yapadziko lonse yotchedwa ISRC. Tsegulani foda ya nyimbo ya oulutsa ambiri muone: nyimbo ina dzina lake ndi Track 01, ina ndi manambala okhaokha monga inachokera pa WhatsApp, ina ili ndi dzina la webusaiti imene anaikoperako m'malo mwa dzina la woimba. Nyimbo yotere ikalira, ndalama yake siidziwa kwawo, ndipo mabungwe ambiri padziko amatha n'kuigawa molingana ndi nyimbo zodziwika kale, kutanthauza kuti wotchuka amalandira gawo la wosatchuka. Wailesi ya pa intaneti ikanakhala yosavuta pa zimenezi kuposa FM, chifukwa kompyuta imalemba yokha chilichonse chimene yaulutsa, bola mafayilo akhale ndi maina oyenera. Woimba naye ali ndi mbali yake: ngati sanalembetse nyimbo ku bungwe lotolera, ndipo ngati iye ndi wojambula sanalembe pa pepala kuti wina ali ndi gawo lanji, palibe amene angamulipire molondola. Ku SoundExchange oimba a kunja kwa America amaloledwa kulembetsa popanda kulipira.

Mafunso amene akadalipo

Funso loyamba ndi la malire. Ngati woulutsa ali ku Lusaka, seva ili ku Germany, omvera ambiri ali ku South Africa ndi ku Britain, kodi alipire kuti? Makampani ambiri amatsatira dziko limene womvera ali, ndipo n'chifukwa chake Pandora mu 2007 inatsekera kunja omvera a m'maiko ena, pamene makampani osunga tiwailesi amene amalipirira ziphaso, monga Live365, amakuta maiko ochepa okha. Mnyamata wa ku Chilenje uja sangakwanitse kutenga chiphaso m'dziko lililonse limene muli womvera wake mmodzi, komanso kutsekera kunja a kwathu okhala kunja ndi kuchotsa chifukwa chenicheni chimene anatsegulira wailesiyo.

Pali nkhani ya mtengo woyenera kuno kwathu. Mtengo wa pa womvera aliyense unapangidwira msika umene otsatsa malonda amalipira madola, ndipo kuutengera momwemo kungatseke pafupifupi aliyense. Ndalama imodzi yokhazikika pachaka ndi yosavuta kutolera, koma imalemera kwa wa omvera 20 n'kupepuka kwa wa omvera 20,000. Gawo la zopeza limafuna mabuku a ndalama oona, amene ambiri oulutsa mongodzipereka alibe. Ngati pangakhale gulu lapadera la ang'onoang'ono, ayenera kugwirizana kuti wamng'ono amathera pati, pa chiwerengero cha omvera kapena pa ndalama, ndiponso kuti amene wangodutsa malirewo pang'ono asagwere m'ngongole yoti imutseke, monga zinkadandaulidwira ku America.

Linanso ndi la ulamuliro. Lamulo lokhazikitsa IBA, bungwe lopereka ziphaso za wailesi muno m'Zambia, linalembedwa mu 2002, pamene kumvera wailesi pa intaneti ya pa foni kunalibe kuno. Chifukwa chachikulu chimene FM imafunira chiphaso n'chakuti mafunde ndi ochepa ndipo ayenera kugawidwa, pamene pa intaneti malo satha. Ena amati woulutsa aliyense ayenera kuyankha pa zimene akunena ndi zimene akuika, ena amaopa kuti chiphaso chodula chikhoza kusanduka njira yotsekera pakamwa anthu, ndipo nkhani ya malipiro a oimba ikasakanizidwa ndi imeneyi zonse ziwiri zimavuta kuzikambirana.

Ndiyeno pali funso limene oimba eni ake sanamvane. Woimba amene ndi mwini wa nyimbo ndi chojambulidwa chake akhoza kufuna kuuza kawailesi kakuti kaulutse kwaulere, poti iye akufuna anthu adzabwere ku dansi yake ya Loweruka. Koma ngati analowa m'bungwe lotolera, kawirikawiri amakhala atapereka ufulu wotolerawo m'manja mwa bungwe, ndipo ngati aliyense atayamba kupereka kwaulere, wailesi zikhoza kumasankha okhawo osalipiritsa, mtengo wa onse n'kugwa. Kodi woimbayo asiyiridwe ufulu wopatsa amene wamukonda, kapena amangidwe ndi anzake kuti onse akhale ndi mphamvu pokambirana mtengo?